Timalaya ta Khanda M'kabati

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira mwendo uja unasiya kukuvutani, ndipo ana ali bwino. Kuno tilipo.

Mankhwala a nkhawa aja ndikumwabe, uno ndi mwezi wachitatu. Mtima unasiya kugunda ngati ndikuthamangitsidwa, ndipo masiku ano ndimakwera basi ndekha. Koma m'mawa ndimachita nseru, masana ndimasinza pa makina osokera, ndipo ndanenepa moti siketi munandisiyira ija ndaikulitsa kawiri. Adokotala akuti ndisasiye mwadzidzidzi, ndikawaonenso kumapeto kwa mwezi, mwina andisinthira.

Lamlungu apongozi anandipeza ndikusanza kubafa. Anangondiyang'ana m'chiuno. Dzulo abweranso ndi timalaya tiwiri ta khanda ndi kachipewa kamene aluka okha. Akuti, "Usamanyamule zolemera, mwana wanga. Zaka zisanu takhala tikudikira."

Achemwali, chikwatiwireni sanayambe anditchulapo mwana wawo. Ndinalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza.

Alamu anu anali pomwepo, maso pa foni. Iwo akudziwa kuti sizingatheke, pakuti chiyambireni mankhwalawa thupi langali linangozizira, ndipo ife awiri… ndinu aakulu, mwandimva. Koma ndi iwo omwe ananena kuti nkhani ya mankhwalayi isatuluke m'nyumba, ndiye ndilibe woti ndimuuze kupatula inu.

Timalayato ndatiika m'kabati momwe ndimabisa mapiritsi. M'mawa uliwonse ndimayamba ndatisuntha kuti ndipeze botolo.

Chonde mundiyankhe msanga. Apongozi akuti agula kale ulusi, Loweruka ayamba kuluka bulangete.

Ndine mng'ono wanu.