Nyulu Asatsike Phiri Lolemba

Marrakech, Lachitatu

Achemwali anga a Itto,

Mtendere wa Mulungu ukhale pa inu ndi pa nyumba yonse. Muli bwanji kumeneko? Chifuwa cha amayi chija chinasiya, kapena akubisabe monga mwa chizolowezi chawo? Nanga bondo la ababa likuti bwanji? Kuno tili bwino, Mulungu atamandike.

Musadabwe kuona kalata chonsecho foni ilipo. Foni ya kwathu mumaidziwa. Munthu ukaimba imayendayenda m'manja mwa aliyense, ndipo zimene wanena amazimva mpaka a nyumba yachitatu. Kalatayi ndapatsira Addi woyendetsa basi, ifika Lachisanu. Muwerenge muli nokha.

Mkazi wanga Rkia ali bwino, kungoti kutentha kwa kuno kukumusowetsa mtendere. Mpopi wa m'nyumba ukudonthabe. Mwini nyumba amati abwera mawa, ndipo mawa lakelo latha miyezi itatu.

Ntchito ikuyenda. Tsiku lonse ndimakhala m'dzenje, tochi m'manja, magalimoto akudutsa pamutu panga imodziimodzi kudzayezedwa kuti alandire chiphaso cha chaka. Anthu a mumzinda uno sindiwadziwa nkhope, ndimawadziwa mimba za magalimoto awo. Wina amabwera atavala suti, galimoto ikuwala, koma kunsi kwake n'kochititsa manyazi. Rkia amadandaula kuti mapilo onse ndawadetsa ndi oyilo wa m'mutu.

Tsopano ndinene chimene ndalembera.

Lamlungu ababa anandiimbira. Ndinadziwa kuti ali kusitolo ya tiyi, chifukwa ndinkamva masipuni akulira m'matambula, komanso ankalankhula mokweza ngati mmene amachitira akafuna kuti anzawo amve.

"Lahcen mwana wanga, Lolemba linalo, osati mawali, ndikubwera ndi galimoto yanga Nyulu," anatero. "Chaka chino sindikaima pamzere ku Azilal ngati munthu wopanda mwana. Nanga ndinakuphunzitsira chiyani?"

Kumbuyo kwawo wina anati anyamulenso wilibala yake kuti ndidzaidinde, anthu n'kufa nazo kuseka. Ababa anawonjezera kuti amayi akubwera nawo, asoketsa kale chovala chatsopano, ati akufuna adzandione ndi maso awo ndili pantchito. Ine ndinangoti chabwino ababa. Achemwali, chabwino ameneyo wandikhala pakhosi masiku atatu.

Anatinso ndisade nkhawa ndi matayala, abwereka kale nsapato za mkwati kwa amalume a Bassou. Ndinaseka, pakuti ndani angaleke kuseka? Matayala anayi amenewo akhoza mayeso pa galimoto iliyonse ya m'chigwa chathu. Munthu amawavala m'mawa, kupita kukayezetsa, madzulo n'kuwavula, kuwatsuka, kuwabweza pamodzi ndi shuga wothokozera. Ndinakula ndikuganiza kuti umu ndi mmene dziko lonse limachitira. Koma kuno ndinaphunzira kuti tayala limalembedwa m'mbali chaka chimene linapangidwa. Nsapato za amalumezo ndi zakale kuposa mwana wanu Tamou, amene chaka chino akulemba mayeso. Mano ake ndi akuya chifukwa zimayenda tsiku limodzi basi, koma mphira wake unachita ming'alu kalekale. Mkwati wakalamba asanakwatire.

Ndiponso ababa akuganiza kuti chiphaso chili m'thumba mwanga. Si choncho ayi. Galimoto imakwera pamakina oyeza mabuleki, kamera imajambula, manambala amalowa okha mu kompyuta. Koma ndisakunamizeni, pali zina zimene amaona ndi munthu wa m'dzenje yekha, ndipo akatseka pakamwa palibe angadziwe. Munthu ameneyo ndi ine. Nkhani ya matayala ndi yaing'ono, chachikulu ndi chimene ndikuululirani tsopano.

Nditabwera pa Idi, ababa atapita kumzikiti, ndinayala chiguduli n'kulowa kunsi kwa Nyulu. Si kuti ndinkafuna kupeza vuto, dzanja linangozolowera. Kapaipi kamene kamapititsa mafuta a mabuleki ku matayala akumbuyo kanadyeka ndi dzimbiri. Pakati pake wina anakulungapo kansanza n'kumanga ndi waya wa mpanda. Nditakanda ndi chikhadabo, chala chinanyowa. Kapaipi koteroko sikachenjeza. Tsiku lina munthu amangoponda buleki, phazi n'kukafika pansi.

Ndinatuluka nditatsimikiza kuti ndiwauza. Kenako ababa anafika, nkhope ili ngwee, n'kundipeza ndi fumbi kumsana. Anasisita chitseko cha galimoto n'kundifunsa kuti katswiri wampeza bwanji mkulu wake. Mukudziwa kuti Nyulu anabwera pakhomo ine ndisanabadwe, ndipo ndi amene anatinyamulira maapozi ndi mtedza kumsika mpaka tonse tinakula. Alendo anali atayamba kale kufika. Ndinayankha kuti ndi wamphamvu. Ndinadya nyama ya Idi ndi bodza limenelo m'kamwa, ndipo ndabwerera nalo kuno. Ndinkadzitonthoza kuti amangoyenda m'chigwa, pamalo athyathyathya, mpaka kumsika wa Lachiwiri. Ndili ndi manyazi, achemwali, manyazi aakulu.

Koma Lolemba si ulendo wa kumsika. Kuti afike kuno ayenera kutsika phiri lonse, ngodya zonse zija, phazi lili pabuleki ola lathunthu, kumbuyo atadzaza matumba a mtedza ndi mafuta a azitona oti atibweretsere. Ndipo potsika, phompho limakhala kudzanja lamanja, mbali imene amakhala amayi. Chiimbireni foni ija, galimoto iliyonse ikamadutsa pamutu panga ndimaona yathu.

Kulepheretsa galimoto ya munthu wamkulu sichachilendo kwa ine. Sabata yatha yomweyi mkulu wina wa ndevu zoyera anayamba n'kunditchula mwana wake, n'kundilonjeza madalitso a makolo ake onse. Nditamuonetsa pamene panathyoka, anandifunsa ngati kumapiri kwathu timabadwa ndi mtima kapena timachita kugula. Anzanga anaseka, inenso ndinaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ababa akadzaima pamenepo, amayi ali pambali ndi chovala chatsopano, anzanga akuonerera, ndidzatani? Ndikalemba zoona, ndawavula pagulu, ndipo adzabwerera kusitolo ya tiyi kuja opanda chonena. Ndikatseka pakamwa, ndawapatsa pepala loti akagwe nalo. Izitu ndikunena ngati atafika n'komwe.

Ndapempha abwana kuti andilole kubwera mawa, akana. Mnzanga wina ali ku ukwati, ndipo dzenje silingakhale lopanda munthu. Andipatsa Lachisanu la sabata yamawa. Kapaipi katsopano ndagula kale, kali pansi pa bedi pamodzi ndi masipanala. Matayala awiri ndidzabwera nawo pabasi, enawo tidzaona. Ndi ntchito ya tsiku limodzi. Ababa adzandigwirira tochi, ndipo akafuna adzauze anzawo kuti anakonza okha, ine sindidzatsutsa. Tikatha tidzatsika tonse, amayi ndi chovala chawo, ndipo Nyulu adzalowa pamakina ndi nsapato zake zomwe.

Pempho langa ndi limodzi. Nyulu asadzuke pamene wagonapo mpaka nditafika. Asapite kumsika, asapite kuchigayo, ndipo koposa zonse asatsike phiri Lolemba.

Ndikanawaimbira ndekha, koma mumawadziwa. Ine ndikalankhula amamva mwana amene anamuphunzitsa kusintha tayala, ndipo anganyamuke tsiku lomwelo kuti andionetse kuti ndikunama. Inu amakuopani pang'ono, ngakhale sangavomere. Muwapeze atadya, ali okha, amalume a Bassou kulibe. Muwauze zonse, ngakhale za bodza langa la pa Idi, musandibisire. Akakana, makiyi amagona m'thumba la mkanjo wawo wabulauni umene amaupachika kuseri kwa chitseko. Sindinakuphunzitseni kuba, ndangokuuzani pamene amagona. Ndikudziwa kuti ndakusenzetsani katundu amene anali wanga, ndipo moto woyamba udzagwera inu. Mundikhululukire. Kuli bwino ndipepese kwa inu lero, pakuti zinazo zikachitika, pepani sapoletsa chilonda.

Mundipsompsonere dzanja la amayi, muwauze kuti chovalacho asachibwezere m'bokosi, ulendo ulipo. Moni kwa alamu, kwa Tamou ndi abale ake, Mulungu amutsegulire mutu pa mayeso. Moni kwa amalume a Bassou ndi azakhali, koma za ukalamba wa nsapato zawo musawauze, ndidzawauza ndekha pang'onopang'ono. Rkia akupereka moni kwa nonse.

Kwa ababa sindikudziwa ngati moni wanga adzaulandira mukadzatha kulankhula nawo. Aperekeni basi. Akakalipa, muwauze asunge mawu enawo, asawathere pa inu. Ndikubwera Lachisanu la sabata yamawa kudzawamva ndekha, nditaima pabwalo, mutu uli pansi. Anene zonse zimene akufuna, anditchule mwana wosayamika, andimane dzanja. Ine chimene ndikupempha kwa Mulungu n'chakuti ndikamatsika basi, ndidzapeze wondikalipirayo alipo.

Tsalani m'manja mwa Mulungu.

Ndine mlongo wanu,
Lahcen