Msomali wa 214

Zóbuè, 9 Julho 1997

Kuzizira. Mbatatesi sindinakumbe. Kalata ya Firmino, mnzanga wa kumgodi ku Moatize. Akuti mphunzitsi wina, Dona Lídia, akufuna kupulumutsa nyumba ya nyali ya pamgodi wathu wakale ogula zitsulo asanaimalize, ana azidzaona. Akusonkhanitsa mafisha. Akufuna yanganso.

Fisha 214. Kamkuwa kobowola. Potsikira pansi unkatenga nyali n'kukoleka fisha pamsomali wako, potuluka n'kuichotsa. Mkazi wanga Bernardina anaisokerera m'mphepete mwa chitenje pothawira nkhondo ku Malawi. Mapoto anasiya, iyi ayi. Miyezi khumi ndi inayi chimwalirireni. Ulusi wake ukadali pabowo.

21 Julho

Sindinayankhe. Ndasesa pamanda.

Moatize, 2 Agosto

Chapa, minibasi ya kuno, yodzaza, mawondo kuwawa. Fumbi. Njanji anazula, m'nyumba ya makina mumagona mbuzi. Firmino watha thupi, chifuwa. "Gervásio, ukadalipo? Mgodi unakulavula, nayo nkhondo kukulavula!" Ndinaseka. Koyamba chaka chino.

Dona Lídia, munthu wamtima. Anatsegula chitseko monyadira. Thabwa lopaka mafuta, mafisha opukutidwa, onse pamisomali, mizere yodzaza. Firmino anavula chipewa. 

"Titiyo, sizinakongole?" Anatero, kunditcha malume. Firmino anawauza motsitsa: "Amayi, mwatikwirira tonse. Fisha ikakhala pamsomali, mwini wake ali pansi." Dona Lídia anagwira pakamwa. Akanadziwa bwanji? Sanatsikeko.

Tinazichotsa imodziimodzi, Firmino akutchula maina. Tinasiya zitatu: Samito, Eduardo, Ricardo wamtali. Denga linawagwera. Awo sanatuluke.

3 Agosto

Yanga anaipemphanso, mwaulemu. Akuti zochotsedwazo aziika m'bokosi lagalasi. Ndinati mawa. Kutentha kwa kuno ndinakuiwala. Chakudya chosalowa.

4 Agosto

M'mawa, ndekha m'nyumba ya nyali. Ndinaikoleka pa 214. Sindinaname: chichokereni Bernardina, ine sindinatuluke. Ndinaima nthawi yaitali.

Kenaka zenera. Lija ankaimapo madzulo aliwonse, dengu pamutu, pobwera kumsika. Sankafunsa munthu. Maso pathabwa basi. "Ndikaona msomali wanu uli wokha, mpamene ndimameza malovu." Zaka zisanu ndi zinayi akutero.

Ndiye lero auone uli ndi fisha?

Ndinaichotsa. Ulusi kuvuta kumasula, mfundo zake zija. Mkuwa ndapereka, ulowe m'galasi. Ulusi uli m'thumba la malaya. Dona Lídia ndawapempha chinthu chimodzi: pa 214 asadzakolekepo kanthu, ngakhale nditafa. Alemba m'kope.

Chapa ya ku Zóbuè ikuchedwa kudzaza. Mbatatesi zija mwina zayamba kumera m'nthaka. Khasu ndinalisiya kuti kodi, kuseri kwa khola kapena?