Melvin Wasiya Kumwa Mankhwala

Kwa Nthache,
Mwanza.

Okondedwa achimwene a Langton,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tikudzuka, amayi ndi nyamakazi yawo ija basi. Koma mng'ono wanu Melvin sali bwino, ndiye ndati ndisakubisireni.

Mukudziwa kuti anabwera patchuthi atachoka ku Congo kosungitsa mtendere. Atavula chipewa, amayi anangokhala pansi. Mutu wonse nkhanambo, m'nsidze, kuseri kwa makutu, mpaka pachifuwa. Akuti zinayamba ngati mfundu wamba, koma chisoti chachitsulo tsiku lonse, thukuta, iye n'kumakanda. Mokandamo munasanduka zilonda zotuluka mafinya. M'mawa amadzuka pilo atamatirira kumutu.

Ndinapita naye kuchipatala ku boma. Adokotala anati ndi nthenda ya pakhungu imene imavuta asilikali ambiri, kungoti tizilombo tinalowa m'zilondamo. Anamuyeza magazi, alibe kachilombo. Anamupatsa mapiritsi ndi sopo wamankhwala, zilonda n'kuyamba kuuma.

Koma mkazi wake Rozina, amene tinkakhala naye kuno nthawi yonseyi, sanakhulupirire. Anati kumjigo akunena kuti mwamuna wake watenga matenda kwa akazi a ku Congo. Anamupatulira mbale, kenako mphasa. Melvin anamupempha kuti apite limodzi akamve yekha kwa adokotala, anakana. Sabata yatha wanyamula mwana wawo Tiffany, wapita kwawo ku Thambani.

Tsiku lochokalo Melvin anagwada kuti atsanzikane ndi mwana wake. Tiffany anabisala kuseri kwa chitenje cha mayi ake, akuti adadi akununkha. Achimwene, munthu woti anamva kulira kwa mfuti osathawa, ndinamuona akusisima pabwalo anthu akuona.

Chichokereni iwo, mapiritsi sakumwa. Ndikamukumbutsa akuti achirira ndani. Zilonda zayambiranso, khosi latupa, thupi likutentha. Ine sakundimvera, amayi angolira.

Inu ndinu nkhoswe ya banja limeneli. Chonde bwerani mukakambe ndi amalume ake a Rozina. Ngati banja latha, lithe, sitikakamiza munthu. Koma Rozina abwere naye mwanayo ngakhale tsiku limodzi, mwina Melvin akamuona alola kubwerera kuchipatala. Musachedwe, achimwene. Ine ndikuopa.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akutsogolereni panjira.

Ndine mlongo wanu,
Iness