Nambala Wani ya Keziah

Chipyela,
Likoma.
14 Sepitembala 1998.

Achemwali anga a Constance,

Landirani moni wanga ndi manja awiri. Muli bwanji ku Bulawayoko? Nanga alamu a Laban, chifuwa chija chinawasiya? Kuno tilipo ndithu. Mlamu wanu Mervis ali bwino, kupatula dzino limene akukana kukachotsa. Mwana wanu Keziah akudya bwino, ndipo watalika ndi zala zitatu kuchokera pa Isitala. Ndinamuyeza pa chitseko. Azakhali a ku Mbungo miyendo ikuwavutabe, koma chinangwa chawo akuviika okha, safuna wowathandiza.

Mwera watha. Kutsidya akuotcha tchire, ndiye utsi waphimba mapiri onse a ku Mozambique. Masiku ano ukayang'ana kum'mawa suona pamene madzi athera ndi pamene thambo layambira. Ngalawa za nkhuni zimangotulukira m'mwamba ngati zikutsika kuchokera kwa Mulungu. Nthawi zina ndimamva ngati chilumba chathu chaduka chingwe, chikuyenda pang'onopang'ono ndi ife tonse, ndi mbuzi zomwe, popanda wodziwa kumene tikupita.

Kalata iyi ndi yachinayi. Zitatu zoyambazo ndinang'amba.

Diresi linafika. A Mathias anatsika nalo m'chombo cha Ilala lili lokulungidwa monga munawapatsira, pamodzi ndi kapepala kanu konena kuti ndi mphatso ya mwana amene wakhala nambala wani kawiri motsatizana. Ndi lokongola, ndipo muyeso munalasa. Koma Keziah sanalivale. Chifukwa chake ndicho ndikufuna kukufotokozerani, ndipo ndikupemphani muwerenge mpaka kumapeto musanawaitane alamu.

Mukudziwa mmene sukulu zadzazira chiyambire maphunziro aulere. Kalasi ya Keziah, Sitandade 5, ili ndi ana 127 pansi pa mlambe, ndi mphunzitsi mmodzi, mtsikana wamtima wabwino koma wamawu aang'ono. Ine ndimaphunzitsa Sitandade 8 m'chipinda, ndipo pa zenera langa ndimawaona onse. A kutsogolo amamva. A pakati amaonera kwa a kutsogolo. A kumbuyo amawerenga akhwangwala.

Mu Januwale ndinayamba kuona zinthu mwa mwanayu, ndipo monga mukundidziwira, ndinatenga kope n'kumazilemba ndi madeti ake. Pa 19 anandipatsa madzi ali chiimire. Pa 23 anayankha Mervis kuti "ndamva kale." Pa 2 Febuluwale ndinamupeza akutsuka mbale uku akuimba nyimbo ija asodzi amaimba pokoka khoka, imene mawu ake sindingawalembe pa pepala lopita kwa inu. Nditamufunsa tanthauzo lake anati salidziwa, koma kalasi yonse imaiimba, ndipo ili ndi ndime zina zinayi.

Ndinakumbukira tsiku limene munakwera chombo. Munandigwira dzanja pa gombe n'kunena kuti, iwe Fred, ndiwe malume wake, ndidzamupeze ali munthu. Mawu amenewo ndakhala ndikuyenda nawo zaka zinayi ngati dzira m'thumba la malaya.

Choncho pa 9 Febuluwale ndinamuchotsa pa sukulu. Ahedi ndinawauza kuti ndikufuna kumuphunzitsa ndekha kunyumba. Anandifunsa ngati ndiye kuti ana a eni ndikuwaphikira kondowole amene kwathu sitidya. Ndinaseka nawo, koma maganizo sindinasinthe. Inu sindinakuuzeni. Ndinati ndidzakuuzani zipatso zikaoneka.

Ndinakonza zonse monga anatiphunzitsira ku koleji. Kachipinda kosungiramo makasu ndinakasesa, pa khoma ndinapaka bolodi ndi makala a m'mabatire, pa chitseko ndinamata ndandanda wa maphunziro. M'mawa ndinkamusiyira ntchito, Mervis n'kumamuyang'anira. Masana ndikaweruka ndiye pamakhala maphunziro enieni. Lachitatu lililonse panali phunziro la Makhalidwe, limene ndinalikonza ndekha: kupereka moni, kulandira chinthu kwa wamkulu, kunena zoona. Ndinalemba manotsi a masamba makumi awiri.

Achemwali, zinkakoma, ndisakubisireni. Masana aja kuwala kunkalowa pa zenera, fumbi la choko n'kumayandama m'menemo ngati usipa m'madzi oyera, ndipo patsogolo panga panali mwana mmodzi wakumva chilichonse chimene ndanena. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikukuwa kwa khamu. Apa ndinkayankhula chapansipansi, ndipo mbewu iliyonse inkamera ndikuiona. Ndinkalota maso ali otsegula: Keziah wasankhidwira ku sekondale, Keziah wavala zoyera m'chipatala, inu mukutsika m'chombo n'kundiuza kuti ndagwira ntchito. Anayambiranso kugwada. Nyimbo ija inatha. Nyimbo zonse zinatha, koma zimenezo sindinazilembe m'kope.

Mervis anandichenjeza. Anati belu la kusukulu likalira mwanayu amasiya pensulo n'kukaima pa zenera mpaka kulirako kutatheratu. Anati nthawi yopuma ikakwana amakakhala yekha pa mwala wa kuseri kwa nyumba, chinangwa chootcha chili m'manja, n'kuchinyema pakati ngati pali woti amugawire, kenako n'kudya zidutswa zonse ziwiri. Ndinayankha kuti azolowera. Mervis anati inde, mbuzi yapachingwe nayonso imazolowera.

Kumapeto kwa teremu yoyamba ndinamulembetsa mayeso. Ndinachonga mosakondera, ndipo anakhoza kwambiri. Pa Makhalidwe sanalakwe funso ndi limodzi lomwe. Ndinajambula lipoti ndi rula, ndipo pa mzere wa nambala ndinalemba 1. Pamene pamalembedwa chiwerengero cha ana a m'kalasi ndinasiya popanda kanthu. Ndinakutumizirani. Teremu yachiwiri ndinateronso. Ndinkadziuza kuti pa pepalalo palibe chilembo cholakwika, ndipo ndinkaliwerenga katatu ndisanalitseke mu envulopu.

Diresi litafika, Keziah anawerenga kapepala kanu kawiri. Analipinda monga linabwerera, n'kudzagwada patsogolo panga ndendende monga ndinamuphunzitsira. Anandifunsa ndi ulemu wonse kuti, amalume, ndapambana ndani?

Ndinati wapambana mayeso. Iye anati mayeso si munthu.

Kenako anandifotokozera chinthu chimene ine, mphunzitsi wa pa sukulu yomweyo, sindinkachidziwa. Tsiku lotsekera, zotsatira zikatha kuwerengedwa, ife aphunzitsi timalowa mu ofesi kukamwa tiyi. Ana a kalasi yake akuti sabalalika. Amafuna amene wakhala womaliza n'kumuperekeza mpaka kwawo, gulu lonse, ngakhale kukhale kutali ngati ku Yofu. Amene wakhala woyamba ndiye amamunyamulira mabuku. Akafika amadzaza bwalo n'kuyamba kupereka moni kwa makolo, mmodzimmodzi, mosafulumira, mpaka mkwiyo utazizira, pakuti palibe bambo amene angatenge ndodo pamaso pa alendo oposa zana. Chaka chatha womaliza anali mnzake wapamtima, Eliness. Akuti bambo ake a Eliness anatopa ndi kuyankha kuti "tili bwino, kaya iwe," mpaka anayamba kuseka n'kuwauza kuti akwere mu mtengo athyole mango azipita.

Ndinafunsa kuti ndi mphunzitsi uti anawaphunzitsa zimenezi. Anati palibe, anazipeza zili choncho. Ndinafunsa kuti m'njiramo amaimba nyimbo yanji. Anayang'ana pansi. Ndi yomwe ija, achemwali, ya ndime zisanu.

Ndipo anati kuno iye ndiye woyamba, ndiyenso womaliza. Ndiye adzinyamulire mabuku yekha, adziperekeze yekha? Anati amayi akuganiza kuti ndaposa ana zana. Ndikalivala ku tchalitchi, Eliness n'kundifunsa kuti ndi la chiyani, ndidzati chiyani? Pomaliza anandikumbutsa kuti phunziro lachisanu ndi chimodzi la Makhalidwe limati munthu amene wanena theka la zoona kuti mnzake akhulupirire zimene sizili, salinso woona. Anatchula ndi tsamba lomwe. Mervis anali pakhomo akupeta, ndipo lichero linaima.

 Ndinakhala pa mpando wa m'kachipinda kaja, ndipo ndi kutentha kwa masana tulo tinanditenga. Ndinalota ndili mwana, ndikuyenda pa njira ya ku Mbungo, lipoti lili m'manja. Njirayo inali itasanduka madzi, koma sindinkamira. Milambe inkayandama pambali panga ngati ngalawa zopanda eni. Ndinkamva mapazi ambiri kumbuyo kwanga, koma ndikatembenuka panalibe munthu. Panali chithunzithunzi chimodzi chokha pambali pa changa, chachitali kuposa changa, chitanyamula sileti pamutu.

Nditadzuka ndinadziwa kuti ndi chanu. Mukukumbukira? Ndili Sitandade 2 ndinakhala womaliza, chifukwa ndinkafufuta yankho loyamba n'kumalembanso kuti likongole mpaka nthawi inatha. Ndinakana kupita kunyumba, ndinabisala kuseri kwa tchalitchi. Inu munandipeza, munandilanda sileti, n'kuyenda nane. Titafika munayamba kuwauza bambo nkhani yaitali ya mbuzi ya eni imene inalowa m'munda, nkhani yopanda mutu, mpaka iwo anaiwala kufunsa za mayeso. Zaka makumi atatu zapita, ndipo ndinali nditaiwala. M'manotsi anga a masamba makumi awiri mulibe phunziro limenelo.

Lolemba lapitali, potsegulira teremu yachitatu, ndinamubwezera ku sukulu. Ahedi anangolemba dzina lake n'kutseka buku, zimene zinandipweteka kuposa mawu. Nditalowa m'kalasi mwanga ndinaima pa zenera kumufuna pansi pa mlambe. Ndinayang'ana mzere ndi mzere koma sindinamupeze. Mitu yonse inali yofanana, ikugwedezeka pamodzi ngati bango. Ndinatsala pang'ono kutuluka. Kenako ndinamva kuseka kumodzi pakati pa khamulo, ndipo ndinakuzindikira.

Musaganize kuti ndapeza yankho. Ana akadali 127, a kumbuyo sakumvabe, ndipo nyimbo ija ndi yoipa ndithu, ndinafufuza ndime zonse. Lachinayi anabwera ndi yunifolomu yong'ambika m'munsi, anandipatsa madzi ali chiimire, n'kukumbukira pakati, n'kugwada mofulumira mpaka theka la madzi linathira pa nsapato zanga. Ndimaopabe. Maphunziro a masana sindinasiye. Iye anapempha kuti Eliness azibwera nawo, ndipo Eliness anabwera ndi anzake atatu amene sindinawaitane. Mmodzi wa iwo sadziwa kugawa masamu, koma ndi amene anaona kuti Mervis akuvutika ndi mtolo wa nkhuni n'kuthamanga kukamulandira, ine ndili pa bolodi ndikufotokoza za kuthandiza akuluakulu.

Tsopano pempho langa. Munanena kale kuti zinthu zikadzavuta mudzamutenga kuti akaphunzire ku Bulawayo. Mwana ndi wanu, ndipo pambuyo pa zimene ndachitazi palibe angakutsutseni. Ndinamubisa miyezi isanu ndi iwiri osakufunsani. Mukudziwa kuti m'nyumba muno Mulungu sanatipatse wathuwathu, ndipo mwina n'chifukwa chake ndinamufumbata mpaka kumubanikiza. Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni. Ndikungoti musamutenge, achemwali. Mukaona kuti simungandikhulupirirenso, ndiye mumulole amalize chaka chino, kuti tsiku lotsekera dzina lake liwerengedwe pakati pa maina a anzake, kaya likhala pa nambala yanji, ayende nawo ulendo wao uja. Pambuyo pake ndidzamukweza m'chombo ndekha ngati mutero. Diresi lili m'sutikesi, likudikira mawu anu.

Ndimati ndithere pamenepa. Koma Keziah anandipempha kuti aiwerenge kalatayi ndisanaitseke, popeza ikunena za iye, ndipo ndinavomera. Waiwerenga atakhala pa mkeka, chala chikuyenda pansi pa mizere. Pa nkhani ya mbuzi waseka. Atamaliza wandibwezera ndi manja awiri, n'kunena kuti zilembo n'zokongola ndipo madeti onse ndi oona, koma amalume mwadzaza masamba asanu ndipo mawu amodzi mulibemo. Ndinafunsa kuti ati. Anati ndikuwadziwa, ndipo wakhala pomwepa kudikira kuti aone ndikulemba.

Ndinakunamizani, achemwali. Kawiri. Ndikhululukireni.

Wawerenga, ndipo akuti tsopano ikhoza kupita.

Mundiperekere moni kwa alamu a Laban ndi kwa onse a kwathu amene mumakumana nawo ku tchalitchi. Mervis akuti moni wambiri, ndiponso akuti ndikuuzeni kuti iye ananena. Ambuye akusungeni inu ndi nyumba yanu, ndipo akupatseni mtima wofewa poyankha. Ilala ikafika ndidzakhala ndili pa gombe.

Ine mlongo wanu,
Frederick.