Sipika Yotsala Yokha: Kwa Bambo Lameki Mbewe

Lero zakwana zaka ziwiri chitisiyireni, bambo a Fanwell.

Tsiku lija ndinali kupukuta masipika anu awiri amatabwa, aja munawasenza pamutu pochoka ku famu ife titanyamula mapoto. Mwana wanu Fanwell anafika kuchokera ku matenti a kolera komwe munagonekedwa, nangoima pakhomo osalowa. Kansalu kopukutirako ndinali nako m'manja mpaka kumanda. Anakuikani mofulumira, m'pulasitiki, osakusambitsani, popanda nyimbo.

Simunali wochuluka mawu. Munapita ku Graniteside, dera la mafakitale, kukawotcherera tizitsulo toimikapo masipikawo kuti afike pa msinkhu wa khutu, ndipo munkawapendeketsa kuloza mpando wanga, osati wanu. Simunanenepo, koma ndinkaona. Munkaseka anyamata oliza zinthu zaphokoso, n'kutilangiza kuti masipika sawalekanitsa. Pa matepi anu a kwaya, yakumanzere inkanyamula mawu a amayi, yakumanja besi ya abambo. Wochotsa imodzi, munkatero, wang'amba nyimbo pakati.

Ine ndinawalekanitsa. Patangotha sabata zitatu mutapita, mipope ya kwathu kuno ku Budiriro ili youma, mwana wathu Annet anayamba kutsegula m'mimba. Ndinakulunga yakumanzere m'chitenje, ndinakaipereka kwa munthu wina wa chitsime ku Sunningdale, iye nandipatsa zigubu za madzi abwino. Annet anachira. Ana ndinawauza kuti inabedwa.

Yotsalayo sinakhale chete. Masanasana, magetsi kulibe, waya uli wozula, imang'ung'udza pansipansi monga munkachitira ku tchalitchi pofuna kugwira besi musanatsegule pakamwa. Ndikaiwongola m'mawa, pochokera kotunga madzi ndimaipeza yatembenukira ku chitsulo chopanda kanthu chija. Fanwell akuti ndi makombi, maminibasi odutsa pamsewu, amene amagwedeza nyumba. Komabe amavula chipewa akamadutsa pamenepo. Annet sakhalanso pabalaza yekha. Ine ndapemphera, ndasala kudya, koma chomwe ikufunsa ndikuchidziwa.

Munthu wa chitsime uja anasamuka. Ndamufunafuna, sindinamupeze.

Fanwell, Annet ndi ine Lidiya, mkazi wanu, sitidzakuiwalani masiku athu onse. Koma lero ndagwada patsogolo pa sipika yanu, ana ali chilili kumbuyo kwanga, ndipo ndikunena mokweza kuti nawonso amve: sinabedwe, ndinaipereka ndine. Bambo a Fanwell, ndikhululukireni.