Ana a Salimoni Akudikira Mpoto

Lachiwiri, 22 Epulo

Zatheka! A Hollis, oyang'anira maiwe oswetsera nsomba za salimoni kumtunda kwa mtsinje, avomera. Mawa satsegula chipata. Chaka chilichonse amatulutsa ana a nsomba sabata yomweyi, kaya m'nyanja muli chakudya kaya mulibe. Chifukwa? "Ndi mmene timachitira." Basi.

Ndawaonetsa botolo la madzi omwe ndinatunga m'nyanja kufupi ndi doko la Newport. Makopepodi, tizilombo tosafika njere ya mpunga. Onse a madzi ofunda a kumwera, oonda, opanda dontho la mafuta. M'nyanja yotere chilichonse chimene kasalimoni kangameze n'choonda. Ndati adikire mpoto. Ukawomba, madzi a pamwamba amakankhidwira kutali, ozizira a pansi amakwera, makopepodi onona a kumpoto n'kufika.

"Chabwino, a dokotala a tizilombo," atero. "Mphepoyo mwapangana nayo eti?"

Loweruka, 26 Epulo

Mwera. Mvula. Mayi Lindgren, abwana anga ku labu, amvera kwa ena za chipata chija. "Tegan, ndachita imvi ndikuyeza nyanja iyi, sindinalonjezepo munthu tsiku la mphepo. Iwe digiri yako inki sinaume n'komwe."

Vuto lake ndi lomwelo. Kuyeza, kulemba, kuika pa shelefu. Nsomba zikufa, ife tili ndi magirafu okongola. Ine ayi.

Lachisanu, 2 Meyi

Pa boti. Mafunde, kusanza kawiri. Madzi ofunda ngati a m'bafa. Mu ukonde oonda omwewo. Khofi sakulowa.

Lachinayi, 8 Meyi

Ku maiwe. Bola ndikanapanda kupita. Tinsomba tasanduka tasiliva, tasiya kudya, taunjikana pa sefa ya chipata mpaka mphuno kusupuka. Tikufuna nyanja. Tina tili ndi zoyera ngati thonje pamsana. A Hollis akuvuula takufa, ndowa kudzaza. Akuti tinsombati tikachedwetsedwa kwambiri, mtima wa ulendo umatha, sitidzapitanso ngakhale atsegule.

Lero sanandiseke. Bola akanandiseka.

Lolemba, 12 Meyi

Mpoto! Mbendera ya pa doko yatembenuka. Nkhungu, manja kuuma ndi kuzizira. Ndakuwa ndekha m'galimoto ngati wamisala.

Lachitatu, 14 Meyi

Madzi azizira ndithu, obiriwira, ochokera pansi penipeni. Ndathamanga nalo botolo ku labu. Pa maikulosikopu: oonda. Mbale ina, oonda. Wonona mmodzi yekha, kamafuta kake kakunyezimira pamsana.

Mayi Lindgren asuzumira, sananyoze. "Madzi amayamba, mafuta amatsatira. Mwina masabata atatu, mwina kuposa."

Masabata atatu tinsomba tija tilibe.

Masana foni ya a Hollis. "Mbendera ndaiona ndekha, mayi. Chipatachi munatseketsa ndinu. Nditsegule?"

Ndikanangoti madzi azizira, akanasangalala, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndati tsegulani. Afunsa ngati chakudya chafika. Ndati ayi, sichinafike.

Kumbuyo kwawo kumamveka mapampu a madzi.

"Ndiye mubwere mawa, mudzakoke nokha sefayo. Mudzazione zikupita."

Lachinayi, 15 Meyi

Sefa ndi yolemera kuposa mmene imaonekera. Tinsomba tambiri tatuluka ngati utsi, mtsinje waa! Tina tatsala pakona pa dziwe, tikungozungulira. Chipata chili pululu, sitikuchiyang'ana n'komwe.