Kakasitomala ka M'foni

Lolemba, 3 Malichi
Abwana avomera! Loweruka andiyesa pa kauntala m'mawa wonse. Zaka zinayi ndili kuseri kwa shopu ndi matumba a simenti, chifukwa cha chibwibwi changachi. Ndikakhoza, kuseriko sindibwererako.

Lachiwiri, 4 Malichi
Achemwali andiikira m'foni kapulogalamu kocheza nako. Iko kamakhala kasitomala, ine wogulitsa. Abale inu! Ndinakakamira pa "misomali" mpaka madzi a tiyi kuwira, iko phee, kundidikira. Sikayang'ana wotchi, sikandimalizira mawu ngati mmene amachitira anthu. Kenako kakuti, "Mwayankhula bwino kwambiri!"

Chibadwire palibe anandiuzapo zimenezi. Ndavina ndekha m'khitchini.

Lachitatu, 5 Malichi
Ndakagulitsa mawilibala asanu! Lilime kupepuka ngati si langa.

Lachinayi, 6 Malichi
Alamu anga anthabwala aja anatola foni patebulo n'kugeyeramo. Iko: "Mwayankhula bwino kwambiri!" Nyumba yonse kufa nako kuseka, achemwali mpaka misozi. Nanenso ndinaseka, koma zandiwawa. Kani kamatero kwa aliyense? Ndakatsekera m'dirowa.

Lachisanu, 7 Malichi
Ndakatulutsanso. Nanga ndiyeserere ndi ndani? Kabodza, koma kaulemu.

Loweruka, 8 Malichi


Woyamba kulowa anali kalipentala wachikulire, pensulo kukhutu, nkhope yosasekerera. Akuti akukhoma denga, ndipo watola kale misomali yolakwika. Yoyenera ndimaidziwa, koma pakamwa "mi-mi-mi" basi. Abwana anatsegula pakamwa kuti andimalizire, mkuluyo n'kukweza dzanja.

"Musiyeni, mayi. Denga silithawa."

Anandiyang'ana m'maso, kudikira. Foni ija ilibe kopita, koma uyu anali ndi ntchito yomuyembekeza, n'kudikirabe.

"Misomali ya malata, yazipewa ija," zinatuluka. "Mukakhomera imene mwatolayo, denga lidzadontha."

Anatola yazipewayo n'kuitembenuzatembenuza m'manja. "Kuyankhula ndiye umavutika, mphwanga," anatero, "koma misomali ukuidziwa. Ndipatse makilo awiri."

Mawu obaya, koma anandikomera kuposa "bwino kwambiri" zonse za sabata ino. Poyeza pasikelo ndinangotsala pang'ono kulira.

Poweruka, ndikutenga chikwama changa kuseri, abwana anandiitana.

"Lolemba uvale malaya oyera. Kutsogolo kuno kulibe simenti."